Intaneti yakumudzi ndi yotunga ngati madzi a pamjigo, nayi njira yake

Kwathu ku Ntcheu, kumapiri uko, kuseri kwa tchalitchi kuli chulu china chake chomwe pamwamba pake panachita kusalala ngati pozira, osati poti wina amasamalirapo ayi, ndi mapazi a anthu basi. Ndi pokhapo pomwe netiweki imagwira bwino mmudzi monse, moti anyamata anangopatcha kuti pa ofesi. Mukafika mmamawa mupeza aphunzitsi akutumiza malipoti, mayi wa tomato akufunsa mtengo wa pa Lizulu, agogo ena atakhala mmunsi mwa chulucho kudikira mwana wawo wa ku Joni kuti aimbe, foni atapatsa mdzukulu yemwe waikweza mmwamba ngati refu akuonetsa khadi.

Anzathu a mtauni akamva izi amaseka, amaona ngati tikukokomeza. Iwowo intaneti ili ngati mpopi wa mnyumba, kungotsegula madzi mbwee. Ife yathu ndi ya pamjigo, umayenera kudziwa komwe ili, nthawi yomwe kulibe mzere, upite ndi ndowa yosadontha, utunge yokwanira ubwere nayo kunyumba ena amweko. Ine zinanditengera nthawi kuti ndimvetse zimenezi, ndinkangokalipa kuti foni yatha iyi mpakana ndinagula ina, nayonso chimodzimodzi, nde zomwe ndikulembazi ndinaziphunzira ndalama zitapita kale.

Za chifukwa chake sinditaya nazo nthawi yambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse mdziko muno amakhala kumidzi, koma nsanja za netiweki zinaunjikana mmatauni ndi mmbali mwa misewu ikuluikulu ngati M1. Nsanja imafuna magetsi usana ndi usiku, komwe ESCOM sinafike ndiye pafunika jenereta, dizilo, mabatire kapena sola, mlonda, msewu woti galimoto ifike olo dzinja, ndipo zida zake nzogula kunja ndi madola. Kampani imayamba yawerengera kuti anthu a uko azigula mayunitsi a ndalama zingati pamwezi, ikaona kuti ambiri ndi ongoflasha nsanja imachedwa kubwera. Onjezani poti dziko lathu silinakhudze nyanja ya mchere, intaneti imachita kudutsa kwa eni ake ku Tanzania ndi ku Mozambique kuchokera ku mawaya a pansi pa nyanja, imafika kuno itakwera kale mtengo. Chomwe chimandipweteka ine nchoti bandulo mtengo wake ndi umodzi kwa munthu wa ku Area 47 ndi kwa ine, koma iye amaidya yonse mpaka kunyambita mbale pomwe yanga theka imatha masiku ndisanaigwire nkomwe.

Tiyambe ndi kusaka pomwe netiweki ili. Timizere tija ta pamwamba pa foni musatikhulupirire kwambiri, timanama, foni itha kuonetsa mizere yonse yodzaza koma chithunzi chimodzi kumazungulira mpaka nsima kupsa. Yang'anani kachilembo kali pambali pake. Ikalemba E ndiye 2G, pamenepo meseji ya WhatsApp ya malemba okha itha kupita mokwawa, zina iwalani. H kapena H+ ndi 3G, bola, zithunzi ndi ma voice note zimapita. 4G kapena LTE ndi yomwe tikufunayo.

Koma pali nambala ina yomwe imanena zoona kuposa mizere. Pa mafoni ambiri a Android, kaya ndi itel, Tecno kapena Samsung, lowani mu Settings, pitani pa About phone, kenako SIM status, mupeza nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo yothera ndi dBm. Nambalayi ikamachepa ndiye zili bwino, -85 ndi yabwino kuposa -105, ikafika cha mma -115 dziwani kuti mukungotentha batire. Nde tengani tsiku limodzi masana, foni yotchaja bwino, kope ndi cholembera, muzungulire mudzi. Paliponse mwaima dikirani kamphindi kathunthu chifukwa nambala imachedwa kusintha, lembani. Yambani ndi malo okwera ndi oyera opanda mitengo yambiri, makamaka oyang'ana komwe kuli nsanja, usiku imaoneka ndi kanyali kofiira pamwamba. Phiri likakhala pakati pa inu ndi nsanjayo palibe chomwe mungachite, sunthani mpaka mulizungulire. Mudzadabwa kuti mapazi khumi okha amasintha zinthu, kwathu kuseri kwa khola la mbuzi kuli H+ koma pakhomo penipeni pali E, chifukwa chake malume amanena kuti mbuzi zawo ndi zophunzira.

Mnyumba ya malata netiweki imalowa movutikira, malata amaitchinga, makoma a njerwa zootcha nawonso amadya ina. Yesani zenera lililonse palokha. Mukapeza zenera lomwe imagwira, nayi njira yomwe inatipulumutsa ife: kafoni kakale ka Android kong'aluka galasi kaja musakataye, ikanimo layini ya data, yatsani Hotspot, kasiyeni pazenerapo osakasunthanso, inu muzilumikiza foni yanu pa Wi-Fi mutakhala pampando ngati bwana. Ena amakaika mkachigubu ka pulasitiki nkukakweza pa nsungwi panja, zimathandizadi chifukwa kukwera mamita atatu okha pena kumachotsa E nkubweretsa 4G, koma kachigubuko kakhale ndi mthunzi komanso timabowo pansi, foni ya Hotspot imatentha kale payokha nde mukaionjezera dzuwa la Okutobala batire limafufuma. Mitambo ikayamba kuda tsitsani nsungwiyo, ndipo inunso tsikani pachulu, mphenzi simacheza ndi chinthu chomwe chatalika chokha pamtetete.

Foni pena imakakamira nsanja yakutali pomwe yapafupi ilipo. Yatsani Airplane mode, werengani mpaka 10, zimitsani, imasakanso mwatsopano. Ikamadumphadumpha pakati pa E ndi 4G lowani pa Preferred network type muiuze yoti igwire, ngati 4G ya kwanuko ndi yofooka kwambiri kuli bwino kuikhazika pa 3G yokhazikika kusiyana ndi 4G yobwera ndi kupita ngati mlendo wa pamaliro. Chenjezo lake ndi loti mukaikhoma pa 4G yokha mafoni wamba atha kusiya kulowa pa mafoni ena, nde mukamaliza zanu bwezerani pomwe inali, musadzaphonye uthenga wa matenda chifukwa cha TikTok. Komanso amene layini yanu ndi ya makedzana ija munagula nthawi ya Celtel kapena Zain, mwina siidziwa nkomwe 4G, pitani nayo kushopu ya kampaniyo ndi chitupa cha unzika akusinthireni khadi, nambala imakhala yomweyo.

Nkhani ya Airtel kapena TNM musaitenge ngati ya Bullets ndi Noma. Kumudzi layini yabwino ndi yomwe imagwira pakhomo panu, mudzi uno imodzi imagwira, kuoloka dambo inayo ndiye mfumu. Funsani aneba musanagule, ndipo ngati foni ili ya malayini awiri khalani nazo zonse, kungoti onetsetsani kuti Mobile data ili pa layini yomwe mwagulira bandulo, ambiri timalira kuti atibera mayunitsi chonsecho data inali pa layini inayo. Ife a mmalire tili ndi nkhani yathuyathu. Kuchokera ku Dedza kutsika mpaka Ntcheu msewu wa M1 malo ena ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique, nde foni imatha kugwira Movitel kapena Vodacom inu muli pakhonde panu, a ku Mchinji nawo imawagwirira za ku Zambia. Zimitsani Data roaming, ndipo pa Network operators sankhani nokha kampani yanu osati Automatic, apo ayi mayunitsi adzapita pa mtengo wa munthu yemwe ali kunja kwa dziko inu musanatuluke nkomwe mmudzi.

Nthawi nayo ndi nkhani. Nsanja imodzi timagawana anthu a midzi yambirimbiri, madzulo anthu akaweruka kumunda aliyense ali pafoni nde imakhala ngati mjigo wa 6 koloko, tsiku la msika ndiye kuposa apo. Chinthu chachikulu chilichonse, kaya kutsitsa mabuku, kutumiza mafomu, kutumiza vidiyo ya ukwati, chitani mbandakucha tambala atangolira, mudzaona ngati mwasamukira ku Lilongwe. Ndipo netiweki ikazimiratu mudzi wonse musathamangire kwa okonza mafoni kuti aifulashe, funsani kaye mnzanu ngati yake ikugwira, nthawi zambiri ndi nsanja yomwe yazima poti magetsi athima nthawi yaitali kapena dizilo wasowa. Amene mukukumbukira 2022 namondwe wa Ana ataononga Kapichira mukudziwa mmene mdima unkakhalira masiku amenewo.

Tsopano ndowa yodontha, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ndalama zathu zimathera.

Chaka china mphwanga amafuna kutumiza mafomu a sukulu, ndinagulitsa nkhuku ziwiri, ndinagula bandulo ya sabata usiku kuti mmawa tilawire pa ofesi paja. Data ndinaisiya yoyatsa, foni ndinaisiya pazenera lija. Mmawa tafika pachulu, tatsegula fomu, meseji ndi iyo: bandulo yanu yatha. Ndinatukwana kampani ndi makolo ake omwe, koma nditafufuza bwino wakuba anali mthumba mwanga momwe, foni inakhala usiku wonse ikudzipangira update ma app omwe ena sindinawatsegulepo chigulireni. Nkhuku ziwiri zinathera pa magemu.

Nde musanagule bandulo ina iliyonse tsekani mabowo awa. Mu Play Store lowani Settings, Network preferences, Auto-update apps, sankhani Don't auto-update apps. Mu WhatsApp pitani Settings, Storage and data, pomwe alemba When using mobile data chotsani timachongi tonse, zithunzi, ma audio, mavidiyo ndi ma document, kuti chilichonse chizitsika pokhapokha mwachidina nokha. Izi zokha zimasintha moyo ngati muli mmagulu aja a mpingo, a banja, a omwe munaphunzira nawo limodzi, momwe vidiyo imodzi yomweyo imaponyedwa kanayi ndi anthu anayi. Pompo pali Use less data for calls, yatsani. Pa Chat backup onetsetsani kuti mavidiyo sakuphatikizidwa. Ma status a anthu ndi msampha wina, mukayamba kuonera mmodzi amangotsatana okha mpaka mwaonera moyo wa anthu 40 omwe simunawafunse. Google Photos nayo imakonda kukweza zithunzi zanu zonse mwakachetechete, zimitsani Backup kapena muiletse kugwiritsa mobile data. Facebook chotsani yaikuluyo muike Facebook Lite, ndipo mavidiyo asamadziyambe okha. YouTube mukamaonera dinani kagiya kaja mutsitse pa 240p kapena 144p, ulaliki kapena phunziro la masamu limamvekabe bwinobwino, nkhope ya abusa mukuidziwa kale. Pomaliza mu Settings ya foni yatsani Data Saver, ndipo pa Data usage muziona kamodzi pasabata kuti ndi app iti yomwe ikudya kwambiri, imalemba poyera ngati buku la ngongole la pagolosale.

China chomwe chimadanitsa anthu pachibale ndi Hotspot. Mnzanu akakupemphani kuti mumuyatsire pang'ono atumize meseji imodzi, foni yake imaona ngati yapeza Wi-Fi yaulere nde zonse zomwe inkadikira zija, ma update, ma backup, imayamba kukoka nthawi imodzi. Iye sakudziwa, inu mukungoona bandulo ikusungunuka. Musanamupatse pasiwedi muuzeni alowe pa Wi-Fi yanuyo mu foni mwake asankhe Treat as metered, akamaliza zimitsani ndipo pasiwedi muzisintha, ana a masiku ano amaiona ndi diso limodzi.

Pogula bandulo yenizeniyo, mitengo ndi maina zimasintha pafupipafupi nde onani pa menyu tsiku lomwelo, koma nzeru yake sisintha. Musagule ya tsiku limodzi madzulo pomwe kopita kukatunga ndi mawa masana, gulani mutafika pomwe pali netiweki ndipo mwaona ndi maso kuti 4G yaima. Ya mwezi imaoneka yotchipa mukawerengera pa GB, koma ngati mumafika pa netiweki kawiri pasabata yambiri idzangoola, bola ting'onoting'ono togula tsiku lomwe mukufuna. Ma bandulo a WhatsApp yokha kapena Facebook yokha ndi abwino pocheza koma wina akakutumizirani linki ya kunja nkuidina, imasiya bandulo nkuyamba kudya mayunitsi, ndipo data ya pa mayunitsi ndi yodula. Ine ndalama ndimasunga ku Mpamba kapena ku Airtel Money nkumagula bandulo kuchokera kumeneko, pa layini ya data sindisiyapo mayunitsi, bandulo ikatha intaneti imangoima basi palibe chodya. Za Kutapa ndi Pasavute zija zisiyireni tsiku la ngozi, ngongole ya mayunitsi ili ngati katapila, umabweza ndi kenakake pamwamba ndipo umayamba mwezi uli kale mdzenje.

Popita kukatunga pitani ndi ndandanda. Zikumveka zachikale koma lembani papepala: kutumiza zithunzi kwa achemwali, kuona zotsatira, kutsitsa mapepala a mayeso akale, kufunsa mtengo wa soya. Mameseji a WhatsApp ndi ma imelo lemberanitu kunyumba data ili yozima, dinani kutumiza, amakhala pamzere ndi kawotchi kaja, mukangofika pa netiweki onse amanyamuka okha. Mukapanda kutero mudzafika pachulu nkutsegula Facebook, ola latha, batire latha, zomwe munabwerera mwaiwala.

Ndipo chinthu chimodzi chisatsitsidwe kawiri mmudzi umodzi. Mmodzi akatsitsa buku, vidiyo ya ulimi, nyimbo za kwaya kapena app, enanu tengani kwa iye ndi Xender, Quick Share kapena Bluetooth, sizidya data olo pang'ono. Memori khadi ndi nkhokwe yanu. Aphunzitsi ndi ana a sekondale, pali app yotchedwa Kiwix yomwe imasunga Wikipedia mufoni kuti muziwerenga popanda netiweki, tsitsani mafayilo ake tsiku lomwe mwapita kuboma kapena mtauni pomwe pali Wi-Fi kenako gawanani. Google Maps nayonso imalola kusunga mapu a dera lanu, a kabaza ndi ogula mbewu mmidzi zingakuthandizeni.

Osaiwalanso kuti zinthu zambiri sizifuna intaneti nkomwe, kafoni ka mabatani kamakwanitsa pa netiweki ya E yomweyo. Airtel Money ndi *211#, Mpamba ndi *444#, a National Bank ali ndi *626#. Za umoyo kuli Chipatala Cha Pa Foni pa 929, mumalankhula ndi azaumoyo mChichewa. Izi ndikunenera dala chifukwa mmakomo ambiri foni ya intaneti ndi imodzi ndipo imayenda ndi abambo, akapita kumsika kapena ku bawo mayi ndi ana atsala mumdima. Kafoni ka mabatani kotsala pakhomo, kolembetsedwa mdzina la mayi ndi chitupa chawo, PIN akuidziwa okha, nkofunika kuposa kugula foni yodula yachiwiri, ndipo batire lake limakhala masiku.

Tanena batire. Foni ikakhala pomwe netiweki ndi yofooka imalimbana kusaka nsanja nde batire limatha msanga olo simukuigwira, choncho mukakhala kumunda kudambo komwe mukudziwa kuti kulibe kalikonse ikani pa Airplane mode kapena zimitsani data. Kasola kakang'ono ndi pawa banki zimabweza ndalama yake mukawerengera zomwe mumalipira potchajitsa mwezi ndi mwezi. Masana tchajani pawa banki, usiku pawa banki itchaje foni, kusiyana ndi kulumikiza foni pa sola mwachindunji pomwe mphamvu imakwera ndi kutsika mtambo ukadutsa. Ngati mumatchajitsabe pa tredingi senta, foni ikhale ndi loko, memori khadi chotsani, ndipo ngati batire ndi lochotseka liikeni chizindikiro. Sindikunena kuti onse otchaja ndi akuba ayi, ambiri ndi anthu abwinobwino, koma mafoni 30 pa thebulo limodzi zinthu zimasokonekera.

Apa ndiikepo za akuba a pafoni, poti amakonda ife akumudzi podziwa kuti kofunsa nkutali. Wina akaimba kuti mwawina, kapena watumiza ndalama molakwika mumubwezere, kapena akuchokera ku kampani akufuna PIN kuti akonze layini yanu, dulani, onani balansi nokha pa menyu. PIN musauze munthu, olo ejenti, mupatseni foni mutalemba kale nokha. Manambala 6 omwe WhatsApp imatumiza pa meseji nawonso ndi anu nokha, mukapatsa munthu watenga WhatsApp yanu nkuyamba kupempha ndalama abale anu mdzina lanu. Yatsani Two-step verification lero lomwe.

Mafomu a pa intaneti ndi pomwe kusiyana kwa mtauni ndi kumudzi kumaonekera poyera, chifukwa tsiku lotsekera ndi limodzi kwa mwana wa ku Namiwawa ndi wa kwathu. Kaya ndi za NCHE zofunsira malo ku mayunivesite a boma, kaya ndi ntchito, musadikire sabata yomaliza pomwe dziko lonse lili pa webusayiti yomweyo. Jambuliranitu satifiketi, chitupa ndi risiti ya kubanki masana panja pamthunzi, pepala litagona pansi, malemba aoneke, ndipo zithunzizo zichepetseni kukula chifukwa kukweza chithunzi chachikulu pa netiweki yofooka kumaduka panjira. Kanjira kachidule nkodzitumizira wekha pa WhatsApp nkusunga chomwe chatulukacho, chimakhala chopepuka, bola muone kuti chikuwerengekabe. Mayankho ataliatali lembani kaye mu Notes kuti netiweki ikagwa musayambirenso. Mukapita pa kafe kapena kwa mnyamata wa laputopu pa tredingi, imelo ndi nambala ya foni zikhale zanu osati zake, ndaona mwana ataitanidwa ku intavyu uthenga nkupita pa imelo ya mwini kafe yemwe anauona patatha mwezi. Pasiwedi lembani mkope lomwe mumasunga ndi makadi a kusikelo, pamapeto jambulani sikirini yomwe ikuonetsa kuti zapita, ndipo tulukani mu akaunti musanadzuke pampando.

Inu abale athu muli ku Joni, ku Cape Town, ku UK, mawu awiri okha. Video call ya mwadzidzidzi Lachitatu masana imangokhumudwitsa tonse, amayi amaona nkhope yanu itauma pasikirini mawu akubwera ngati a mmadzi, bandulo nkutha. Panganani tsiku ndi ola, mwachitsanzo Lamulungu mmawa asanapite kutchalitchi, kuti foni ikhale yotchaja ndipo akhale ali pomwe imagwira. Masiku enawo voice note yaifupi imakwana, imadikira mpaka netiweki ibwere ndipo agogo amaimvera kasanu. Mukamatumiza foni kumudzi sankhani ya 4G, ya batire lalikulu, yosakhomedwa ku netiweki ya kumeneko, ndipo tsekeranitu mabowo onse ndatchula aja musanaipereke kwa obwera nayo.

Kwa amene muli ndi gulu, sukulu, kopaletivi, mpingo kapena banki mkhonde yomwe yakhwima, kusonkherana kumaposa aliyense payekha. Rauta ya 4G yokhala ndi polumikiza eriyo ya panja, eriyoyo itakwezedwa pa paipi nkulozetsedwa ku nsanja, imakoka netiweki pomwe foni ya mmanja ikulephera, ndipo bandulo yaikulu imodzi imatchipa pa GB kusiyana ndi ting'onoting'ono 20. Kuyambira 2023 Starlink ikugwira ntchito mMalawi, iyoyo sifuna nsanja imayang'ana kumwamba, nde kuchigwa kapena kuseri kwa phiri imagwira bola pasakhale mitengo yotchinga. Koma musatengeke ndi ma vidiyo a anthu akuonetsa liwiro, mbale yake ndi yodula, pali malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo imafuna magetsi okhazikika, kasola ka nyali ziwiri sikangaikwanitse, pafunika mapanelo ndi batire zenizeni. Musanagule khalani pansi mulembe: asunga ndani, alipira ndani mwezi wa Febuluwale pomwe aliyense alibe ndalama, pasiwedi isintha liti, wosalipira titani naye olo akhale mwana wa amfumu. Ndipo kugawana pagulu ndi kwina, kugulitsa intaneti ngati bizinesi ndi kwinanso, kumeneko kumafuna chilolezo cha MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti.

MACRA yomweyo ndi yoyenera kuigogodera pa nkhani ya nsanja. Lamulo la Communications Act la 2016 linakhazikitsa thumba lotchedwa Universal Service Fund, ntchito yake ndi yofikitsa mafoni ndi intaneti kumadera komwe makampani paokha saonako phindu. Kudandaula pa maliro ndi pa bawo sikufika kumeneko. Lembani kalata kudzera ku VDC ndi ADC, amfumu adinde, khansala ndi phungu alandire yawo, ina ipite kwa DC, ina ku MACRA, ina ku makampani onse awiri. Mkalatamo musangolira kuti tikuvutika, ikanimo zinthu zoti munthu wa muofesi awerengere: midzi ingati, mabanja angati, sukulu zingati ndi ana ake, chipatala chaching'ono, msika ndi tsiku lake, mbewu zomwe mumagulitsa, ma ejenti angati omwe amakwera phiri kuti atumize ndalama. Manambala a dBm munalemba mkope aja aikeninso, ndi malo ake enieni, GPS ya foni imagwira olo popanda bandulo, mukatsegula Google Maps nkudina mokhalitsa pambali penipeni pa kadontho ka buluu mupeza manambala a malowo. Ngati amfumu ali okonzeka kukambirana za malo oika nsanja nenaninso. Sungani kope lanu la kalatayo ndi deti, pakatha miyezi itatu kuli zii lembaninso ina yotchula yoyambayo.

Ife yathu tinalemba, tikudikira. Pakadali pano vuto lomwe latigwera ndi lina, mwini munda womwe muli chulu chija wanena kuti chaka chino akufuna kuchigumula aumbe njerwa, dothi lake akuti ndi labwino kwabasi. Takhala kale pansi kawiri kwa amfumu, zomwe tagwirizana mpaka pano nzoti aliyense woimba pa ofesi aziponya kenakake mchitini chomwe tamangirira pa mtengo wa mango, ndalamayo tikamugulire dothi kwina. Aphunzitsi ndi omwe akusunga kiyi wa chitinicho.